Kahatchi Kapena Poni? Za Dzina, Msinkhu ndi Mtundu

Kuno kwathu hatchi ndi nyama ya m'mabuku ndi ya pazithunzi. Munthu akhoza kubadwira ku Chikanda, kukulira komweko mpaka kumera imvi, osaikhudzapo hatchi ngakhale kamodzi, chikhalirecho phiri la Zomba, kumene mahatchi akhala akuwetedwa, amaliona m'mawa uliwonse akangotuluka m'nyumba. Koma masiku ano ana athu akuona pa wailesi yakanema ndi pa mafoni timahatchi tina tating'onoting'ono, tolekeza m'chiuno mwa munthu wamkulu, tina tikukoka tingolo, tina tikulowa m'zipatala kukasangalatsa odwala. Ena akuti amenewa ndi mahatchi aang'ono, ena akuti iyayi, ndi maponi basi. Eni ake kunjako akhala akukangana kwa zaka zambiri, ndipo mkanganowo sunathebe.

Mwina wina afunsa kuti, nanga ife Asilamu a ku Malawi, amene ngakhale bulu sitimuona kawirikawiri, nkhani imeneyi ikutikhudza pati? Ikutikhudza ndithu. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Baqarah (2:31), ikutiuza kuti maphunziro oyamba amene tate wathu Adam (A.S.) analandira kwa Allah anali a mayina a zinthu. Kutchula chinthu ndi dzina lake loona ndi chiyambi cha kuzindikira, ndiponso ndi chiyambi cha chilungamo pa malonda, pa chisamaliro cha ziweto, ngakhalenso m'banja. Tiyeni tsono tiyende limodzi pang'onopang'ono, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

MAWU AMENE TILI NAWO

M'Chichewa tili ndi mawu awiri otchulira nyama imeneyi, hatchi ndi kavalo, ndipo onse awiri ndi obwera. Kavalo tinatenga kwa Apwitikizi, amene anakhala zaka mazana ambiri ku Tete ndi m'mbali mwa Zambezi. Ngakhale bulu naye dzina lake ndi la Chipwitikizi. Hatchi ndi mawu ofanana ndi amene anzathu a kummwera, Azulu, amagwiritsa ntchito. Tilinso ndi nyulu, amene ndi mwana wobadwa kwa hatchi yaikazi ndi bulu wamwamuna. Koma mawu oti poni tilibe m'chinenero chathu. Tikaona hatchi yochepa msinkhu timangoika "ka" kutsogolo n'kuti kahatchi, monga m'mene timanenera kambuzi kapena kamwana.

Apa ndiye pamene chinenero chathu chingatisokeretse. Kambuzi kawirikawiri ndi mwana wa mbuzi amene mawa adzakula. Tsono mwana wa ku madrassa akaona kahatchi pachithunzi, amaganiza kuti ndi kamwana koyamwa. Ayi ndithu. Poni ndi nyama yokhwima, yobereka, yoti ikhoza kukhala ndi zaka 20, koma msinkhu wake unathera pomwepo chifukwa ndi momwe mtundu wake ulili. Ichi ndi chinthu choyamba choti tiwalongosolere ana athu.

CHIFUKWA CHAKE MAHATCHI NDI OSOWA KUNO

Sikuti makolo athu analibe nzeru zoweta mahatchi. Dziko lathu lili ndi adani awiri a nyama imeneyi. Woyamba ndi kashembe, ntchentche ija imene imapatsa anthu matenda a kaodzera, ndipo ng'ombe ndi mahatchi imazipatsa matenda owondetsa mpaka kufa. Wachiwiri ndi nthenda ya mahatchi ya muno mu Africa, imene imafalitsidwa ndi touluka ting'onoting'ono toluma madzulo ndi m'bandakucha, makamaka nyengo ya dzinja. Nthendayi ikalowa m'khola la mahatchi osalandira katemera ikhoza kupha asanu ndi anayi mwa khumi alionse. Mbidzi imakhala ndi kachirombo kake koma siidwala, ndipo bulu amapirira koposa hatchi. N'chifukwa chake m'chigawo chapakati mumaona abulu akukoka ngolo, osati mahatchi.

Zomba ili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. M'chaka cha 1891, pamene Harry Johnston anakhazikitsa boma la atsamunda kuno, anabweretsa asilikali pafupifupi 70 ochokera ku India motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire. Ena anali a mtundu wa Sikh, ena anali Asilamu a gulu lankhondo lokwera pa mahatchi la ku Hyderabad. Koma mahatchi awo ambiri anafa ndi matenda, ndipo akatswiri okwera pa mahatchi aja anasanduka asilikali oyenda pansi. Mabwana a boma anayamba kudalira machila, kunyamulidwa pa mapewa a makolo athu. Titero kuti kusowa kwa hatchi kunagwera pa misana ya anthu.

Komabe Azungu sanaitaye hatchi. Dzina la Gymkhana Club ya mumzinda muno linachokera ku India, ndipo kwa Angelezi mawuwo amatanthauzanso masewera a pa mahatchi. Zomba inakhala likulu la dziko mpaka 1975. Pamwamba pa phiri, pamene nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, pali mphepo yozizira ndi udzu wabwino, ndipo hatchi imapezako mtendere kusiyana ndi kuchigwa cha Chilwa kapena cha Shire. Kwa zaka zambiri khola la Plateau Stables linkakweza alendo pa mahatchi kudutsa m'nkhalango za paini, kukaona malo monga Queen's View ndi Emperor's View. Ana ambiri a m'tauni muno amene anaonapo hatchi ndi maso, anaionera kumeneko.

MUYESO WA CHIKHATHO

Kuti timvetse mkangano wathu tiyenera kudziwa m'mene eni mahatchi amayezera. Sayeza kuchokera kumutu, chifukwa mutu umakwera ndi kutsika. Amayeza kuchokera pansi mpaka pa fupa la pamwamba pa mapewa, pamene khosi lakumana ndi msana. Muyeso wawo ndi chikhatho, ndipo chikhatho chimodzi ndi mainchesi 4, kapena kuti masentimita 10 ndi pang'ono. Muyeso umenewu unakhazikitsidwa ndi lamulo ku England m'chaka cha 1540, nthawi ya mfumu Henry VIII.

Lamulo lodziwika n'lakuti nyama yosapitirira zikhatho 14 ndi mainchesi 2, omwe ndi pafupifupi masentimita 147, ndi poni, ndipo yoposa pamenepo ndi hatchi. Bungwe loyendetsa mipikisano ya mahatchi pa dziko lonse, la FEI, linaika malire pa masentimita 148 ngati nyamayo ilibe zitsulo kuziboda, ndi 149 ngati yavala zitsulo.

Tsono taonani timahatchi tathu. Bungwe la American Miniature Horse Association, limene linayamba mu 1978 ku Texas, sililemba m'kaundula wake nyama yopitirira mainchesi 34, omwe ndi masentimita 86. Kaundula wina, American Miniature Horse Registry, amalola mpaka mainchesi 38, omwe ndi masentimita 97. Tikangotsata muyeso wokha, nkhani yatha: kanyama ka masentimita 86 kali kutali kwambiri pansi pa 147, choncho ndi poni.

Koma oweta ake akuti msinkhu si zonse. Poni yeniyeni, iwo akutero, imadziwika ndi maumbidwe ake: miyendo yaifupi poyerekeza ndi thupi, mimba yotakata, khosi lonenepa, mutu waufupi, ubweya ndi manyenje ochindikala. Pamene cholinga chawo n'kutulutsa nyama yooneka ngati hatchi yaikulu imene yangochepetsedwa, ya miyendo yowongoka ndi khosi lalitali, yoti mutaiona pachithunzi popanda munthu pambali pake simungadziwe kuti ndi yaing'ono. Pa chifukwa chimenechi akuti dzina loyenera ndi hatchi. Mfundo yawo ili ndi nzeru, koma tisanavomere tifunse funso limene munthu wa kwathu amafunsa akaona mlendo: kwawo n'kuti, ndipo ndi mwana wa yani?

MAKOLO A TIMAHATCHI

Kumpoto kwa Scotland kuli zilumba zozizira zotchedwa Shetland, za mphepo yamkuntho ndi udzu wochepa. Kumeneko kwa zaka mazanamazana kwakhala mtundu wa maponi aafupi koma amphamvu zodabwitsa, osapitirira mainchesi 42, omwe ndi masentimita 107. Mu 1842 nyumba ya malamulo ya ku Britain inaletsa amayi, atsikana ndi anyamata osakwana zaka 10 kugwira ntchito pansi m'migodi ya malasha. Eni migodi anafuna chinthu china chachifupi chokoka ngolo m'makwalala apansiwo, ndipo anatembenukira ku maponi a ku Shetland. Zikwizikwi anatsitsidwa m'migodi, ena osaonanso dzuwa kwa zaka. Ambiri anatumizidwanso ku America, kumene bungwe la American Shetland Pony Club linakhazikitsidwa mu 1888.

Apa ndiye pagona nkhani. Kaundula wa American Miniature Horse Registry tamutchula uja anayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ngati nthambi ya bungwe lomweli la maponi a Shetland, ndipo pali nyama zambiri zolembedwa m'makaundula onse awiri, kuno ngati poni, uko ngati hatchi yaing'ono. Ku Argentina, mtundu wotchuka wa Falabella, umene unatenga dzina la banja lomwe linauweta kuyambira m'zaka za m'ma 1800, unapangidwa posakaniza mahatchi aang'ono a konko ndi maponi a Shetland ndi a ku Wales, komanso mahatchi ochepa msinkhu a mtundu wa Thoroughbred.

Ngakhale pafupi ndi ife, ku South Africa, mbiri yake ndi yomweyo. Mu 1945 mlimi wina, Wynand de Wet wa ku Lindley m'chigawo cha Free State, anayamba ndi maponi a Shetland atatu, aakazi awiri ndi yamphongo imodzi. Posankha ana ochepetsetsa a m'badwo uliwonse kuti aberekane, msinkhu unka nutsika. Kaundula wa mtunduwu anatsegulidwa mu 1984, ndipo mu 1989 unavomerezedwa ngati mtundu woima pawokha. Choncho kulikonse kumene tingalondole mapazi a timahatchi timeneti, mapaziwo akutifikitsa ku Shetland. Magazi a poni ndiwo ochuluka m'mitsempha yawo, ngakhale kuti magazi a mahatchi aakulu alimonso.

PAMENE MUYESO UMALEPHERA

Tisafulumire kuweruza, pakuti dziko la mahatchi lili ndi mayina ambiri osatsata muyeso. Hatchi ya Chiarabu nthawi zambiri imakhala pakati pa zikhatho 14 ndi 15, ndipo zambiri zili pansi pa malire aja a poni. Koma palibe amaitcha poni. Mtundu wa Thoroughbred, wa mipikisano yothamanga pa dziko lonse, unachokera kwa mahatchi amphongo atatu a kum'mawa, imodzi mwa iwo ndi Darley Arabian imene inagulidwa ku Aleppo, m'dziko la Syria, n'kufika ku England mu 1704. Ndani angalimbe mtima kutchula gogo wa mahatchi othamanga kuti ndi poni? Anthu a ku Iceland nawo hatchi yawo ndi yaifupi, koma amakana kwamtuwagalu kuti itchedwe poni. Pamene nyama zosewerera mpira wa polo, zazitali bwinobwino, amazitcha maponi chifukwa cha chizolowezi chabe.

Chitsanzo chapafupi ndi cha ku Lesotho. Agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela ndi pa Theba anagwira ntchito m'migodi limodzi ndi Abasutu, anthu ofunda mabulangete, amene kwawo ulendo wa m'mapiri amayenda pa msana wa nyama yotchedwa Basotho pony. Dzina likuti poni, koma mbiri ikunena zina. Makolo ake ndi mahatchi amene Adatchi anayamba kubweretsa ku Cape mu 1653 kuchokera ku Java, okhala ndi magazi a Chiarabu ndi a mtundu wa Barb wa kumpoto kwa Africa, ndipo pambuyo pake anasakanizidwa ndi Thoroughbred. Anafika m'manja mwa Abasutu cha m'ma 1830, nthawi ya mfumu Moshoeshoe woyamba. Kuzizira kwa mapiri ndi kuchepa kwa msipu ndi kumene kunafupikitsa msinkhu wake n'kulimbitsa ziboda zake. Pa nkhondo ya Angelezi ndi Mabunu ya 1899 mpaka 1902 nyamazi zinagulidwa zikwizikwi chifukwa cha kupirira kwake.

Taonani tsono kutembenuka kwa zinthu. Ku Lesotho kuli nyama ya magazi a hatchi yotchedwa poni, ndipo eni ake amainyadira. Ku America kuli nyama ya magazi a poni yotchedwa hatchi, ndipo ena mwa eni ake amaipidwa mukaitcha poni. Ifenso tili nazo zotere pakhomo. Nkhuku zakuda zija timazitcha za Mikolongwe, potengera malo a boma a ku Chiradzulu kumene zimaswedwa, pamene mtundu wake ndi Black Australorp, wochokera ku Australia. Dzina limanena mbali imodzi ya choonadi, osati chonse.

Akatswiri a sayansi akuti zonsezi, Shetland, Chiarabu, Basotho ndi Falabella, ndi nyama imodzi, ndipo zikhoza kuberekana ana oberekanso. Timaulusi ta chibadwa totchedwa makromozomu tilipo 64 mwa hatchi ndi poni yemwe, 62 mwa bulu, ndi 63 mwa nyulu, ndipo ichi ndi chifukwa chake nyulu siibereka. Malire enieni a chilengedwe ali pakati pa hatchi ndi bulu. Malire a pakati pa hatchi ndi poni anajambula ndi anthu.

MA ULAMA ATHU ANAKUMANA NALO KALE FUNSOLI

Owerenga okondedwa, musaganize kuti nkhani ya mitundu ya mahatchi inayamba ndi Azungu. Aluya ankasunga mzere wa makolo a mahatchi awo mosamala ngati wa anthu. Hisham ibn al-Kalbi wa ku Kufa, amene anamwalira cha m'ma 819, analemba buku lonse la mibadwo ya mahatchi lotchedwa Ansab al-Khayl. Chochititsa chidwi n'chakuti ngakhale Aluya amawerenga mtundu wa munthu kuchimuna, mabanja a mahatchi, monga Kuhaylan ndi Saqlawi, ankawerengedwa kuchikazi, monga m'mene Ayao, Amang'anja ndi Alomwe a kuno ku Zomba amawerengera mbumba.

Anali ndi mayina osiyanitsa. Ya makolo onse awiri a Chiarabu inali arabi. Yojintcha, ya miyendo yonenepa, yochokera kwa mitundu ina, inali birdhawn, imene m'maumbidwe ikufanana ndi imene lero tikuitcha poni. Ya tate wa Chiarabu ndi mayi wachilendo inali hajin, ndipo ya mayi wa Chiarabu ndi tate wachilendo inali muqrif. Funso linafika pamaso pa ma Ulama a Fiqh motere: pogawa chuma chopezeka kunkhondo, wokwera pa hatchi ankalandira gawo loposa la woyenda pansi, nanga wokwera pa birdhawn awerengedwe kuti ali ndi hatchi kapena ayi?

Imam Malik, m'buku lake la Al-Muwatta, anayankha kuti birdhawn ndi hajin ndi mahatchi ndithu. Umboni wake unali Surat An-Nahl (16:8), pamene Allah watchula zokwera zitatu, mahatchi, nyulu ndi abulu. Birdhawn si nyulu ndipo si bulu, choncho ili m'gulu la mahatchi. Imam Shafi'i, amene madh-hab yake ndiyo tikutsata ambiri a ife kuno, ndi Imam Abu Hanifa, nawonso sanasiyanitse gawo la arabi ndi la birdhawn. Kwa Imam Ahmad kunalandiridwa ganizo lakuti birdhawn ilandire gawo lochepera, chifukwa siithamanga ngati arabi. Apa tikuona kuti ngakhale amene anasiyanitsa, anayang'ana ntchito ya nyamayo, osati ulemu wa dzina.

Pa nyulu ndi pamene mzere wa makolo umasintha chilamulo. Pa nkhondo ya Khaybar, m'chaka cha 7 cha Hijra, Mtumiki Muhammad (S.A.W.) analetsa nyama ya abulu oweta ndipo analola ya mahatchi. Kwa Imam Shafi'i hatchi ndi halaal, ngakhale kuti ma Imam ena anaiona kukhala yonyansa kudya. Koma nyulu siidyedwa, chifukwa kholo lake limodzi ndi bulu. Chomwecho Shariah imafunsa za makolo pamene yankho lake likusintha chilamulo, ndipo siivutika ndi mayina ongokometsera.

Palinso Hadith imene Imam Bukhari analandira kwa Ibn Umar (R.A.), yonena kuti Mtumiki (S.A.W.) anakonza mpikisano wa mahatchi ku Madina, ndipo anawagawa pawiri: ozolowetsedwa kuthamanga anawapatsa mtunda wautali, osazolowetsedwa mtunda waufupi. Kugawa nyama m'magulu kuti mpikisano ukhale wachilungamo ndi chinthu chabwino, ndipo imeneyo ndiyo ntchito yeniyeni ya muyeso wa zikhatho uja.

NANGA YANKHO NDI LITI?

Yankho lili patatu, malinga ndi chimene wofunsa akufuna kudziwa. Pa chilengedwe, kanyamaka ndi hatchi, monga momwe poni iliyonse ilili hatchi. Pa msinkhu ndi poni. Pa mzere wa makolo ndi mdzukulu wa maponi a Shetland, wothiridwako magazi a mahatchi ena. Motero munthu wokatcha poni sananame ndipo sanakanyoze. Woti ndi hatchi yaing'ono naye sanalakwe, malinga ngati akutchula dzina la kaundula wake. Cholakwika n'kugwiritsa dzinalo pobisa kumene kanachokera, kapena kuonetsa ngati kali ndi mtundu wapamwamba umene kalibe.

CHIMENE CHILI PACHISWE

Choyamba ndi chilungamo pa malonda. Dzina lokongola limakweza mtengo. Izi sizichitika ku Texas kokha. M'misika yathu momwemuno mbuzi yachikuda yonenepa imagulitsidwa ngati ya mtundu wa Boer, ndipo anapiye akuda alionse amasanduka a Mikolongwe. Imam Muslim analandira nkhani ya Mtumiki (S.A.W.) amene analowetsa dzanja mu mulu wa chakudya chogulitsa n'kupeza kuti pansi pake n'ponyowa, ndipo anamudzudzula mwini wake kuti chinyengo si khalidwe la otsatira ake. Kunamiza mtundu wa chiweto ndi kubisa chonyowa pansi pa mulu. Wogula naye akumbukire kuti safunsa anadya phula, afunse za make ndi tate wake wa chiwetocho, ndipo ngati n'kotheka awaone ndi maso.

Chachiwiri ndi moyo wa nyamayo. Thupi silidziwa dzina la m'kaundula, limatsata magazi. Makolo a timahatchi anazolowera kukhala ndi moyo pa udzu wochepa, choncho mukatipatsa madeya ndi chimanga ngati hatchi yothamanga timanenepa mopitirira, n'kudwala nthenda yotupitsa m'kati mwa ziboda, yopweteka kwambiri. Mano awo ndi ochuluka ngati a hatchi yaikulu koma nsagwada n'zochepa, kotero amathithikana. Zazikazi zimavutika pobereka kuposa mahatchi aakulu. Ndipo pamene oweta akuthamangira kuchepa kokhakokha, kukwatitsa nyama za pachibale kuti apambane pa chionetsero, pamabadwa ana opunduka miyendo ndi msana, ovutika moyo wawo wonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusankha mbewu yabwino ya ziweto n'kololedwa, koma kubereketsa nyama yoti idzazunzike pofuna kusangalatsa maso a anthu sikugwirizana ndi chifundo chimene Chisilamu chimaphunzitsa.

Chachitatu ndi katundu amene timasenzetsa. Odziwa za mahatchi amalangiza kuti nyama isanyamule choposa gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake. Kahatchi ka makilogalamu 100 kangathe kunyamula kamwana kakang'ono kokha, osati mnyamata wa sitandade 8. Ntchito yake ndi kukoka kangolo kopepuka, ndipo ku America malamulo a 2010 okhudza anthu olumala anavomereza kuti timahatchi tophunzitsidwa tizithandiza anthu monga osaona. Mtumiki (S.A.W.) anadzudzula mwini ngamira amene ankaigwiritsa ntchito yambiri n'kumaimana chakudya, analetsa kumenya nyama kumaso, ndiponso analetsa kusandutsa misana ya nyama kukhala mipando yochezerapo. Malangizo amenewa akukhudza bulu wa pa ngolo ndi ng'ombe ya pa goli chimodzimodzi.

PHUNZIRO LA PAKHOMO

Chifukwa chiyani munthu angaipidwe kuti kanyama kake katchedwa poni? N'chifukwa choti m'maganizo mwake hatchi ndi ya mafumu, pamene poni ndi ya m'migodi ya malasha. Matenda amenewa si a oweta mahatchi okha. Alipo achinyamata athu amene akafika ku koleji kapena ku Joni amabisa dzina la mudzi wawo, amachita manyazi ndi chinenero cha amayi awo, ena mpaka kusintha dzina la bambo wawo kuti limveke lachizungu kapena lachiarabu. Aliponso ena, mbali inayi, amene amanyoza anzawo pofunsira ukwati kuti si a mtundu wabwino.

Chisilamu chinatseka makomo onse awiri. Zayd ibn Haritha (R.A.) analeredwa ndi Mtumiki (S.A.W.) mwini, ndipo anthu ankamutchula kuti mwana wa Muhammad. Palibe dzina laulemu loposa limenelo, komabe Surat Al-Ahzab (33:5) inalamula kuti ana oleredwa azitchulidwa ndi mayina a abambo awo enieni, ndipo Zayd anabwerera ku dzina la Haritha. Surat Al-Hujurat (49:13) nayo ikutiphunzitsa kuti mitundu ndi mafuko zinaikidwa kuti tizidziwana, ndipo ulemu pamaso pa Allah umayezedwa ndi taqwa. Mtundu suyenera kubisidwa, komanso si chinthu chodzitukumulira.

Makolo, ana anu akadzakuonetsani kahatchi pa foni n'kufunsa kuti ndi chiyani, musangoti ndi zachizungu. Auzeni za zilumba za Shetland ndi migodi ya malasha, za mapiri a Lesotho, za asilikali a ku Hyderabad amene anafika ku Zomba mu 1891, ndi za yankho la Imam Malik. Mukatero muwauzenso mayina a agogo awo, mudzi umene anachokera, ndi ntchito imene ankagwira, kaya anali osoka zovala pakhonde la sitolo, asodzi a ku Chilwa kapena onyamula machila. Mwana wodziwa kwawo sachita manyazi ndi dzina lake, ndiponso sanyoza la mnzake. Allah atipatse lilime lonena zoona pa malonda athu, mtima wachifundo pa ziweto zathu, ndi kudzichepetsa pakati pa abale athu. Ameen.